Kuchokera Pakamwa pa Nemesiyoni

Pa 6 mwezi wa Hatiri

Pepani bambo, ndatenga mapepala anu osapempha. Ndi agumbwa otsala aja, ong'ambika m'mbali, amene munati tiziyatsira moto. Ndilemba kuseri kokha, timalemba ting'onoting'ono. Sindikuvutitsa munthu. Palibe woti awerenge.

Bambo sanayankhulebe. Dzanja lamanja lakufa, mwendo wamanja wakufa, pakamwa popotoka. Anagwa mwezi wathawu ali pampando wawo, phunziro lili m'kati. Ophunzira anayamba amaliza kaye kulemba mawu amene bambo anali atangonena, kenako ndiye n'kuwadzutsa. Anandiuza ndi Sabino wa ku Gaza, mmodzi wa iwo, akumwetulira ngati ndi nkhani yonyaditsa.

Lero abweranso, gulu. Akuti kudzazonda. Mphodza psiti, mkate psiti. Wofunsa ngati wodwala wadya, palibe. Anaima mozungulira kama ndi mikanjo yawo ya anthu anzeru, yosachapa dala, kukangana kuti matendawa alowa m'gulu liti.

Magulu khumi. Ndinakula nawo ngati nyimbo ya ana: n'chiyani, n'chochuluka bwanji, n'chotani, n'chachibale ndi chiyani, chili kuti, liti, chakhala motani, chili ndi chiyani, chikuchita chiyani, akuchichita chiyani. Mphunzitsi Wakale wa ku Girisi, amene mafupa ake anaola kalekale, anati chilichonse chimene munthu angatchule chimalowa m'limodzi mwa khumiwa. Kabuku kake n'kopyapyala ngati mkate wa amphawi. Ndemanga za agogo pa kabukuko, bokosi lodzaza. Ndemanga za bambo pa kabukuko ndi pa ndemanga za agogo, mabokosi awiri. Amene awerenga zonse ndi mbewa zokha.

Ndili wamng'ono ndinadumpha gulu limodzi poimba, alendo ali pomwepo. Bambo anamenya tebulo mpaka vinyo kutayika. Tsiku limenelo sanadye.

Sukulu yanga inathera pa kuwerenga ndi kulemba. Ndi yokwana kuona kuti munthu wagonera mbali imodzi nthawi yaitali, akufunika kutembenuzidwa. Ndinadikira ophunzirawo atuluke. Pamaso pawo pakamwa panga pamauma.

Pa 9 Hatiri

Azakhali a Tekusa, mlongo wa bambo, afika kuchokera ku Kanopo. Katundu wake si wa munthu wobwerera msanga.

Asanavule n'komwe nsapato anandikhazika pansi. "Usachite ngati sukudziwa, iwe Herayisi. Mpando wa uphunzitsi wa nyumba ino umayenda ndi mwana wamkazi. Atate ako anaupeza bwanji? Si anakwatira amako?"

Ndikudziwa. Ndimangoyesa kuti zikadali kutali.

Nkhani ili tere. Akuluakulu a Alesandriya adzakhala pansi pa 20 Koyaki, mwezi wa mawa. Mphunzitsi ndi mawu ake, akutero. Bambo akadzalephera kuyankhula pamaso pawo, mpando ndi wopanda mwini, upita kwa wophunzira wamkulu. Wophunzira wamkulu ndi Kaliniko. Ine pamodzi ndi mabokosi aja, n'kutsatira mpando. Bambo akadzayankhula, mpando ukadali wawo, ndipo wolowa m'malo adzasankha okha nthawi yawo.

Chaka chatha bambo anandiuza, tikusenda makangaza pabwalo: "Kaliniko ayi. Mutu ali nawo, koma sindingamusungitse ngakhale galu." Mawu amenewo ndinawasunga. Tsopano ali mwa ine ndekha, ndipo mawu a mtsikana salembedwa m'buku.

Kaliniko. Ndevu zodzola mafuta onunkhira, mpweya wa nsomba zoola. Amapukutira inki pa nsalu yathu ya pakhomo. Chigwere bambo, wayamba kuwatchula kuti "atate anga." Ine dzina langa sanalitchulepo. "Mwana wa mphunzitsi," basi, ngati dzina la chiwiya.

Pa 13 Hatiri

Mkangano wa lero, pafupi ndi kama pomwepo: kodi kusayankhula kwa bambo n'kongodutsa kapena n'kutayikiratu.

Sabino akuti n'kongodutsa, ngati malungo kapena manyazi. Ine ndinali nditalowa ndi beseni la madzi. Anandiloza. "Onani chitsanzo, abale. Mwana wa mphunzitsi nkhope yafiira pompano. Titembenukire kumbali, ibwerera mwakale." Onse anandiyang'ana nkhope, mofatsa, ngati ogula bulu. Mmodzi analemba.

Kaliniko akuti ayi, n'kutayikiratu, ndipo Wakale uja ananena momveka kuti chotayika motere sichibwerera. Wakhungu sapenyanso. Wadazi sameranso tsitsi. Sabino anayang'ana pamutu pa Kaliniko n'kuti, "Apo pokha ndikukukhulupirira, mkulu wanga, umboni wauyenda nawo." Anaseka. Bambo ali gone pakati pawo, maso kudenga.

Ndisadzinamize kuti Sabino ali mbali yanga. Akungofuna nkhani ichedwe mpaka malume ake a ku Gaza amuyankhulire kwa akuluakulu. Mpando womwewo. Agalu awiri, fupa limodzi, ndipo fupalo likadapuma.

Madzi anazizira ndili chiimire. Ndinakatenthetsanso.

Pa 17 Hatiri

Mwambo wake ndi wakuti wophunzira amalemba zimene mphunzitsi akunena m'kalasi, n'kuika pamwamba pa buku kuti zachokera pakamwa pa uje. Chaka chino ntchitoyo inali ya Kaliniko. Bambo anagwa atangofika pa gulu lachitatu. Otsala asanu ndi awiri Kaliniko akulemba yekha kunyumba kwake. Pamwamba pali pomwepo: Kuchokera Pakamwa pa Nemesiyoni. Pakamwa pamene ine ndimathira phala ndi supuni.

Amabwera m'mawa uliwonse, kukhala pampando wa mayi, kuwawerengera bambo zimene walemba dzulo lake. Bambo akabuula, iye amatembenukira anzake: "Mwamva? Avomera." Lero anabuula kawiri motsatizana. "Atsindika mfundoyo," anatero. Bambo ankafuna mphika wokodzera.

Ndinawauza azakhali kuti awatulutse anthuwo. "Uzolowere, mwana wa mlongo wanga. Amako anakhala ndi fungo la inki zaka zonsezo, anafa nalo?" Anafa, azakhali. Sindinanene.

Pa 22 Hatiri

Kwabwera mkazi pakhomo. Woomba nsalu wa ku Rakoti, dzina lake Tawure, manja akuda ndi utoto. Mwana wamkazi m'manja, wongoyamba kumera mano. Mphumi ya Kaliniko yeniyeni, tsitsi lokha ndiye lake.

Akuti iye ndi Kaliniko akhala limodzi zaka zingapo. Sabata imene bambo anagwa, Kaliniko anamutulutsira katundu panja. Sanabwere kudzakangana nane. Anangofuna andione. "Ndiwe mwana ndithu. Umve, mchemwali: akakwiya samenya kumaso, amadziwa kuti anthu aona." Anakweza nsalu pang'ono, kundionetsa nthiti.

Kaliniko anatulukira tili pomwepo, buku kukhwapa. Sanadzidzimuke. Anauza Sabino, osati ife, kuti kukhala tate kuli m'gulu la ubale, ndipo ubale suwonjezera kanthu pa munthu mwini wake, ukachoka munthuyo amakhala yemweyo. Sabino anati mfundoyo ili ndi mbali ziwiri. Analowa m'nyumba akukambirana.

Tawure analavula pansi. Ndinamupatsa mkate ndi nkhuyu zouma. Malemba akupotoka. Ndilembanso bwino mawa.

Pa 1 Koyaki

Ayankhula.

M'mawa, ndikuwapukuta kukamwa, tili awiri. "Madzi." Mawu olemera ngati atafuna ubweya, koma madzi ndithu. Chikho chinandigwa. Ndinawafunsa kuti ndine yani. Anayesa, kulephera, kuyesanso. "Herayisi."

Ndinalira pachifuwa pawo ngati kamwana. Ndiye tsitsi lamera padazi. Wakale uja adzuke adzaone.

Ndinati ndikaitane azakhali. Anandigwira mkono ndi dzanja lamoyo lija, mwamphamvu. "Usauze." Ndikuganiza akufuna ayambe alimba kaye. Ali ndi manyazi ndi mmene mawu akutulukira. Ndikumvetsa. Manyazi ine ndimawadziwa.

Nthawi ilipo. Ndawaphikira kankhunda.

Pa 5 Koyaki

Tsiku lililonse pang'ono, nyumba isanadzuke bwino. Atchula mkate, nyale, khomo, dzina la mayi. Dzulo chiganizo chathunthu: phala lachepa mchere. Ndinaseka mpaka kutsamwa.

Kaliniko akalowa, bambo amabwerera kukhala chipika. Maso kudenga, dovu. Poyamba ndinayesa akumutchera msampha. Ndinkaluma milomo kuseri kwa nsalu.

Koma lero ndinawayang'anitsitsa pamene ankawerengeredwa. Sanali kumunyoza. Anali kumvetsera, chala chikugunda pa bulangete pamene chiganizo chathera bwino, ngati munthu womva zeze.

Pa 8 Koyaki

Ndawafunsa. Ndinakonza mawu anga kuyambira dzulo kuti ndisalakwitse. Bambo, pa 20 mudzayankhula? Mawu amodzi okha akwana.

Anati: "Bukulo n'labwino."

Ndinati sindikumva.

Anafotokoza, modukizadukiza, ndikuwapukuta pakati. Ndalemba mmene ndinamvera, osawonjezera. Akuti zimene Kaliniko walemba pa gulu la ubale ndi la malo, iwo akhala akuzifunafuna moyo wawo wonse osazipeza. Akuti mabokosi awiri aja palibe adzawakopere, iwo akudziwa. Koma ili lidzakoperedwa mpaka ku Antiokeya, ndipo pamwamba pali dzina lawo. Akayankhula pa 20, mpando ukhala, Kaliniko achoka ndi buku lake, n'kufufutapo dzinalo. Iwo n'kutsala mphunzitsi wa pakamwa popotoka amene ana azimuyeserera mumsewu.

Ndinawakumbutsa za makangaza. Za galu. Ndinawauza za nthiti za Tawure.

"Anthu amasintha," anatero. Kenako: "Ndatopa. Tseka zenera."

Ndinatseka zenera. Ndinakonza pilo. Ndinatulutsa mphika. Zonse mwadongosolo.

Pa 9 Koyaki

Sindinalembe kanthu. Ndangosongola bango lolembera.

Pa 12 Koyaki

Azakhali abweretsa nsalu ya ukwati, yachikasu. Ndinaima ngati mtengo iwo akuyeza. Singano zili kukamwa kwawo, ndinalimba mtima n'kuwauza kuti bambo amayankhula.

Sanaleke n'komwe kuyeza. "Ukuyesa ndine wogontha? Dzana ndinawamva akutukwana mphaka." Ndiye bwanji osanena? "Mwamuna akasankha kutseka pakamwa, mkazi sukamutsegula. Kweza mkono."

Masana ndinamudikira Sabino pakhonde. Ndinamuuza kuti bambo amayankhula. Anamvetsera mutu uli pambali, n'kundifunsa ngati zimene ndinamvazo anali mawu kapena phokoso chabe, chifukwa ngakhale khwangwala woweta amatha kunena kuti madzi. Ndinati khwangwala sadandaula za mchere m'phala. Anati imeneyo ndi mfundo yokoma, aiganizira. Anandifunsanso ngati kwatsalako nkhuyu.

Nyumba yodzaza anthu odziwa kuika chilichonse pamalo pake. Ine andiika kale: chinthu chimene mpando uli nacho.

Pa 16 Koyaki

Kaliniko wayeza chipinda cha mayi ndi mapazi. Akuti mabuku ake akwana. Podutsa anandigwira chibwano, kunditembenuza nkhope kumene kuli kuwala, n'kusiya. Inki yake inatsala pachibwano. Ndachapa mpaka khungu kuwawa.

Bambo anaona. Kama wawo wayang'ana kukhomo komweko.

Ndikawadyetsa sindiwayankhulanso. Iwo ndiye ayamba kucheza: nyengo yazizira, zombo zasiya kuyenda, kodi mphaka wabereka. Mawu awo akuwongoka tsiku ndi tsiku. Lero anandikonza ndikulankhula ndekha pofunafuna chivundikiro. Ndinati ndinachiika apa mawa, m'malo moti dzulo. "Dzulo," anatero msangamsanga, asanaganize n'komwe. Cholakwika sichingadutse pafupi ndi khutu lawo. Mwana wawo angadutse, atamangidwa chingwe m'khosi.

Ndinaima ndi chivundikiro m'manja nthawi yaitali.

Pa 19 Koyaki

Ndachapa mkanjo wawo. Ndasoka pamene panang'ambika tsiku logwa lija. Ndawameta ndevu, osawacheka ngakhale pang'ono. Onyamula machila ndawauza nthawi.

Azakhali avomera kuti ndipite nawo, ndikaime kumbuyo kwa mpando ndi kansalu kopukutira. Akuti bola ndisakweze maso.

Pali chimene ndaganiza. Sindichilemba, ndikachiona papepala ndichita mantha. Ndachiyeserera kukhitchini, chapansipansi, kuuza mitsuko. Pamaso pa mitsuko mawu amatuluka.

Sindinanenepo bodza pagulu. Sindinanenepo chilichonse pagulu.

Pa 20 Koyaki

Ndilemba mwa ndondomeko yake.

Chipinda chophunzirira chodzaza, masitepe amiyala onse mpaka pamwamba. Akuluakulu atatu kutsogolo. Wotsogolera ndi Apiyoni, wogulitsa mafuta a azitona, wonenepa, maso a tulo. Bambo anawakhazika pampando wawo wapamwamba. Ine kumbuyo.

Kaliniko anaima pamwala wa pakati, kuwerenga gawo la buku. Anthu anaomba m'manja. Chala cha bambo chikugunda pansi pa mkanjo, ine ndekha ndikuona. Kenako Kaliniko anafotokoza za chotayika chosabwerera, akulira pang'ono pamene pamayenera. Sabino anayankha motalika mpaka mmodzi wa akuluakulu kugona.

Apiyoni anayandikira bambo. "A Nemesiyoni, mukundimva? Nenani kanthu, kalikonse, tizipita kukadya." Chete. Anafunsanso. Bambo analekerera dovu litsike mpaka pa mkanjo umene ndinachapa. Dala. Ndinapukuta.

Apiyoni anatembenukira azakhali, mwamwambo chabe, kufunsa ngati a pabanja ali ndi mawu. Azakhali anapukusa mutu.

Ndinati ndili nawo. Sanamve. Ndinabwereza. Mitu yonse inatembenuka. Apiyoni anati, "Kodi kumbuyoko kuli munthu? Nena, mwana wanga, koma mwachidule."

Ndinayang'ana pa nkhongo ya bambo, osati anthu. Ndinati popeza bambo sadzayankhulanso, ndi bwino anthu adziwe zimene ankaphunzitsa kunyumba, tikakhala tokha. Ankati magulu si khumi. Ndi asanu ndi anayi. Wakale uja anawerenga molakwa, ndipo iwo ankangoti khumi pagulu poopa anthu.

Mabango onse anagwira mapepala. Ndinamva kukanda kwake, ngati mbewa zambiri. Ophunzira onse akulemba: Nemesiyoni ankati asanu ndi anayi.

Khosi la bambo linafiira. Dzanja lamoyo linamenya mpando.

"Khumi! Chitsiru iwe, khumi!"

Sanalekere pomwepo. Anawatchula onse, limodzilimodzi, mwa ndondomeko yake, pakamwa popotoka pomwepo, akuloza ophunzira kuti afufute. Atafika pa lakhumi ndi pamene anazindikira. Dzanja linatsika pang'onopang'ono.

Kaliniko anayesa. Anati zimene tamvazi ndi phokoso la thupi, osati mawu, pakuti buku likunena momveka kuti mawu otayika sabwerera. Ena awiri anavomera ndi mitu. Apiyoni anakanda pamimba n'kuti, "Mwana wanga, ine mabuku sindiwadziwa. Koma phokoso limene latukwana mwana wake n'kuwerenga mpaka khumi, kwathu timati munthu." Mpando ukadali wa bambo. Apiyoni anadzuka kukadya.

Potuluka ndinasanza kuseri kwa chipilala. Azakhali anandigwira mutu. Titafika pakhomo ananong'ona: "Amako sakanatha."

Pa 24 Koyaki

Kaliniko wapita ku Beruto, kumene akuti aphunzitsi akusowa. Anabwera kudzatenga zolembera zake, osalowa kwa bambo. Buku wapita nalo. Sabino akuti anaona tsamba loyamba: dzina la bambo lapalidwa ndi mpeni. Nsalu yachikasu azakhali aipinda. Akuti isatayidwe, chifukwa Sabino nayenso ndi munthu. Tiona. Ameneyo ndikhoza kumuthamangitsa ndi kubisa nkhuyu.

Ndatumiza uthenga kwa Tawure kuti adziwe.

Ophunzira akukangana zatsopano: ngati mawu abwerera, ndiye kuti sanatayike, ndiye kuti anali kuti. Sabino akulemba ndemanga.

Bambo amayankhula ndi aliyense tsopano. Ndi azakhali, ndi ophunzira, ndi mphaka. Dzulo ndinawapeza akulira, atayang'ana pampando pamene Kaliniko ankakhala powerenga. Ine chichokere tsiku lija sanandiuze ngakhale liwu limodzi. Mawu omaliza amene ndalandira kwa iwo ndi chitsiru. Ndikawatembenuza amatseka maso.

Pa 26 Koyaki

Ndinati palibe woti awerenge. Ndasintha. Pepala ili lokha ndiliika pambali pa mbale yanu, bambo. Kuseri kwake kuli zolemba zanu zomwe, mudzalizindikira. Mukapeza cholakwika m'kalembedwe, ndikudziwa kuti simuchilekerera.

Apiyoni anakufunsani kawiri, ine ndili kumbuyo kwanu ndi kansalu, nsalu ya ukwati itasokedwa kale. Munakhala chete. Nditakhudza khumi wanu munakuwa mpaka a pasitepe yapamwamba anamva.

Funso langa ndi limodzi, silifuna ndemanga. Ndikanapanda kunama, mukanatsegula pakamwa chifukwa cha ine?

Pakamwa muli napo, mzinda wonse ndi mboni. Ndiyankheni msanga. Ndaima kuseri kwa chitseko, ndipo phala lanu likuzizira.